Kodi George Soros ndalama zogawa zija anazipeza bwanji?

Nabanda_wa_Lobi:
Abale ndithandizeni. Mng'ono wanga wabwera ku holide kuchokera ku koleji ndiye tsiku lonse akungoti akamaliza akufuna adzakhale fund manager ngati George Soros, akuti bambo ameneyu anagawa ndalama zoposa $32 biliyoni. Ine ndinangoti eee koma m'mutumu simunalowe kanthu. Ntchito yake ndi yotani, nanga munthu wosagulitsa olo tomato amapeza bwanji ndalama mpaka kumagawa chonchi? Osandiseka, ine sukulu yanga ndi geni ya kachewere basi.

Jere_Tsangano:
Achemwali ganizani banki m'khonde koma yaikulu zedi. Anthu a ndalama amasonkha n'kupatsa munthu mmodzi kuti aziwazungulitsira, iyeyo amagula masheya, kubwereketsa boma, kugula ndalama za maiko ena, phindu likabwera amadulapo gawo lake. Kwathu kuno zilipo, a Old Mutual ndi a NICO amazungulitsa chonchi ndalama za penshoni.

Soros anabadwa 1930 ku Budapest m'dziko la Hungary, Myuda, anapulumuka kwa a Nazi ndi mapepala abodza. Mu 1947 anapita ku London, akuphunzira ku London School of Economics ankanyamula katundu pa siteshoni ya sitima, mu 1956 n'kuwolokera ku New York komwe anadzayambitsa Quantum Fund. Koma dilu yomwe inamutchukitsa ndi ya 1992, ndipo inu a kachewere muimva msanga. Tiyerekeze mwabwereka matumba 10 pa Lizulu mtengo uli m'mwamba, mwagulitsa tsiku lomwelo, sabata yamawa malole adzaza msika mtengo wagwa, mwagula matumba 10 motchipa n'kubweza kwa mwini wake, yotsalayo ndi yanu. Iye anapanga zimenezi ndi ndalama ya ku Britain, mapaundi okwana pafupifupi $10 biliyoni. Pa 16 September paundi inagwadi, mkuluyo n'kutolera cha m'ma $1 biliyoni.

Bambo_a_Chiko:
Ndiye mukuti wachifundo ameneyo? Ife tinaiona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ine ndinali nditasunga ya feteleza matumba awiri ndinabwerako ndi limodzi komanso mkwiyo. Ndalama ikagwa amalira ndi anthu wamba, ndiye wina akhale pakona akuombera m'manja kuti yagwa, mawa abwere ndi thumba akuti ndikuthandizeni? Boma la Britain tsiku lomwe paundi inagwa lija linaluza mapaundi oposa 3 biliyoni, za misonkho ya anthu zimenezo. Olo Mahathir, yemwe anali nduna yaikulu ya Malaysia, anamuloza chala mu 1997 ndalama yawo itagwa. Ine zimandikumbutsa wakatapila wopereka chakhumi chambiri ku tchalitchi.

Mayi_Phiri_Boma:
Bambo a Chiko ululu wa feteleza tonse tikuudziwa koma paundi ija sanaigwetse yekha ayi. Boma linkaikakamiza kukhala pa mtengo womwe sinali, zomwezi timaona kuno, ku banki dola mtengo wina, anyamata osintha ndalama pa boda ya Dedza mtengo wina. Iye anangoona msanga kuti mpandawo wadyeka ndi chiswe, ndipo akanalakwitsa akanaluza ndi iyeyo.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi kagawidwe kake, si munthu wogawa ufa ndi mabulangete pamaso pa kamera. Anayamba mu 1979 kulipirira sukulu ophunzira akuda ku University of Cape Town nthawi ya tsankho ija. Kwawo ku Hungary chikomyunizimu chidakalipo anatumiza makina a fotokope, inde fotokope, chifukwa boma linkagwira zosindikiza zonse ndiye anthu anayamba kufalitsa okha zolemba. Ife amene tinakula nthawi yomwe buku limaletsedwa ndi Censorship Board tikumva tanthauzo lake. Mu 1991 anatsegula Central European University, mu 2017 zinamveka kuti wasamutsira $18 biliyoni ku bungwe lake lachifundo la Open Society Foundations, ndipo nthambi yomwe anali nayo ku Johannesburg yotchedwa OSISA inathandizapo mabungwe a za ufulu kuno ku Malawi. Ndale zake mutha kutsutsana nazo, ambiri amatero. Choseketsa n'chakuti Viktor Orbán anapita ku Oxford ndi ndalama za Soros yemweyo, atakhala pampando wa nduna yaikulu ya Hungary n'kuthamangitsa yunivesite ya Soros ija m'dzikomo mpaka inasamukira ku Vienna.

Bambo_a_Chiko:
Za fotokopezo sindimadziwa, pamenepo ndavomera. Koma thumba langa la feteleza silinabwere.

Nabanda_wa_Lobi:
Zikomo nonse, za matumba 10 zija ndazimva bwino kwambiri a Jere, kungoti pa Lizulu palibe angakubwerekeni olo ndowa imodzi. Mtsikanayu ndamuuza kuti ayambe ndi buku la banki m'khonde yathu, lakhala lisakugwirizana kuyambira June.