Gulu la Chitukuko cha Kwathu, Chibavi: ndalama za odwala shuga

Wapampando: Mwadzuka bwanji nonse. Achimwene athu a ku Johannesburg atumiza K2.5 miliyoni ndi timakina 4 toyezera shuga, pokumbukira mayi awo amene tinawaika mwezi watha. Akuti zithandize odwala shuga kuno kwathu amene alibe inshuwaransi ya chipatala ya MASM kapena ndalama zogulira mankhwala ku famasi. Maganizo anu.

Amalume a ku Area 25: Tisanapite patali, zalowa mu akaunti iti?

Msungichuma: Ya gulu, amalume.

Amayi Anesi (opuma): Achimwene a ku Joni, Mulungu akutonthozeni. Ine pempho langa ndi limodzi: ndalamazi tisagule mankhwala n'kumagawa ngati chimanga cha thandizo. Ndakalambira mu wodi, ndipo anthu a shuga amene ankafika atakomoka, ambiri mankhwala anali nawo m'thumba. Chimene analibe ndi munthu wokhala nawo pansi n'kuwafotokozera. Tsiku la kiliniki mzere umayamba kusanache, dokotala ali ndi mphindi zochepa pa munthu mmodzi, pawindo akupatsa kathumba kolembedwa 1x2, basi wapita.

Amayi Anesi (opuma): Achemwali anga enieni ankamwa glibenclamide m'mamawa osalawa kanthu, n'kupita kudimba. Tsiku lina tinawapeza atakhala pansi pa nthochi, thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akulankhula zosamveka. Odutsa ankati aledzera, munthu wa kwaya! Tinawamwetsa madzi osungunulira shuga, patapita kanthawi anatsitsimuka. Mankhwala amenewo amatsitsa shuga kaya wadya kaya sunadye, ndipo palibe anali atawauza.

Amayi Anesi (opuma): Ndiye ndikuti Loweruka limodzi pa mwezi, mu holo ya tchalitchi, pakhale anthu anayi: kilinishani, nesi, famasisiti ndi HSA (mlangizi wa zaumoyo woyendera m'makomo) wa dera lathu. Wodwala abwere ndi kabuku kake ka kuchipatala ndi mankhwala onse a m'nyumba mu jumbo, ngakhale azitsamba. Famasisiti akhuthulire pa tebulo, aone otha ntchito, aone amene akumwedwa kawiri chifukwa wina anagula ku famasi wina analandira kuchipatala, afotokoze kuti metformin imamwedwa ndi chakudya kuti isavute m'mimba. Akaona chokayikitsa auze kilinishani pomwepo. Nesi ayeze shuga, BP ndi kuona mapazi. HSA atsatire kunyumba amene sanabwere.

Amalume a ku Area 25: Zomveka mayi. Koma matumba 40 a simenti ya kamlatho kaja ali kuti? Mpaka lero ana akuwoloka pa matabwa.

Msungichuma: Amalume, nkhani imeneyo ndinaiyankha pa msonkhano. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 mitengo inakwera, ndalama sizinakwane.

Amalume a ku Area 25: Simenti tinasonkhera kwacha isanagwe. Malisiti tinapempha, sitinawaone.

Mayi a Mapasa: Zoona zimenezo. Ine ndinapereka kawiri.

Wapampando: Chonde tibwerere pa nkhani ya lero.

Mnyamata wa ku Famasi: Makolo anga, ndiloleni ndiikepo mawu popeza ndi ntchito yanga. Amayi Anesi akunena zoona. Ndiponso gulu ngati lathu silingasunge ndi kugawa mankhwala palokha, lamulo silola, zimenezo amayang'anira a PMRA, bungwe la boma loona za mankhwala ndi mafamasi. Mankhwala alembedwe ndi kilinishani, aperekedwe ndi munthu wa chilolezo. Komanso tikuyenera kukagwada kaye ku ofesi ya zaumoyo. China, timakina 4 timeneto patokha sitithandiza. Chodula ndi masitiripi, timapepala todonthezerapo magazi poyeza, kamodzi kuyeza kamodzi kutaya, ndipo mtundu uliwonse wa makina uli ndi masitiripi ake. Achimwene a ku Joni atiuze dzina la timakinato tione ngati masitiripi ake amapezeka mu Mzuzu muno.

Achimwene a ku Joni: Nditumiza chithunzi cha bokosi ndikaweruka. Ine chimene ndikufuna n'chakuti wina asaone zimene anaona mayi anga. Chala chinayamba ndi kabala kakang'ono.

Amayi Anesi (opuma): N'chifukwa chake ndikulimbikira za mapazi. Kuno June ndi July mukudziwa mmene kumazizirira. Agogo a shuga mapazi anachita dzanzi, amawayandikiza pa mbaula, akupsa osamva. M'mawa chithuza, sabata yamawa bala, kenako tikumva kuti agonekedwa kuchipatala cha Mzuzu Central. Kuvula nsapato n'kuyang'ana pakati pa zala sikufuna ndalama, kumafuna munthu woti achite mwezi ndi mwezi.

Abambo a ku Luwinga: Koma shuga amatha ndi mgaiwa ndi masamba owawa. Mlamu wanga anasiya mapiritsi chaka chatha, ali bwinobwino.

Amayi Anesi (opuma): Abambo, ndikupemphani ndi mtima wonse, mlamu wanuyo mubwere naye tidzamuyeze. Shuga amadya munthu mwakachetechete, maso, impso, mitsempha, iye akuyenda bwinobwino. Mgaiwa ndi wabwino kuposa woyera, koma nawonso umakweza shuga ukadya mitanda itatu. Kondowole chimodzimodzi. Nsima ichepe, masamba ndi nyemba zichuluke, tiyi wa masupuni anayi asiyidwe. Ndipo pali kuyeza kwina, HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Pamenepo munthu sanganamize posala kudya dzulo lake.

Abambo a ku Luwinga: Inu a chipatala chilichonse cha makolo mumachinyoza.

Amayi Anesi (opuma): Sindinanyoze. Ndati abwere nazo mu jumbo tidzaone pamodzi.

Mayi a Mapasa: Nanga famasisitiyo azilipidwa zingati? Ndipo asankha ndani? Paja nthawi ya mjigo ntchito inapita kwa mphwake wa munthu wina muno.

Msungichuma: Mayi, ngati mukunena ine tchulani dzina.

Mayi a Mapasa: Wadziwa yekha.

Mnyamata wa ku Famasi: Ine musandiwerengere, ndisadzanenedwe. Ndingathandize kufunsa anzanga, koma ya thiransipoti ndi chakudya iyenera kukhalapo, Loweruka ndi tsiku lawo lopuma.

Amalume a ku Area 25: Mwaona? Alawansi yayamba kale. Miyezi isanu ndalama zatha, odwala abwerera pomwe anali.

Amayi Anesi (opuma): Amalume, nkhawa yanu ndaimva ndipo si yopanda pake. Ndiye ndalama zisadutse m'manja mwa munthu mmodzi. Osainira akhale atatu, mmodzi akhale inuyo, lisiti lililonse lijambulidwe liponyedwe pano tsiku lomwelo. Koma tisaimitse odwala chifukwa cha simenti. Pali mayi wina kuseri kwa msika amabaya insulin, alibe firiji. Botolo amaliika pawindo pomwe pamawomba dzuwa. Ndinamuonetsa kuika kabotolo mu kachitini kotseka, m'kati mwa mphika wadothi wa mchenga wonyowa, pamthunzi. Wina anaika yake mufiriza ya oyandikana nawo, inauma gwa, n'kutha ntchito. Zinthu ngati zimenezi famasisiti amazigwira pa mphindi khumi zokha atakhala ndi munthu. Tikanayamba pa 14 November, tsiku lokumbukira matenda a shuga pa dziko lonse.

Amalume a ku Area 25: Ine sindisaina chilichonse malisiti a kamlatho asanabwere.

Msungichuma: Ndiye ine ndatula udindo. Mabuku akatenge amene akufuna.

Wapampando: Palibe akutula udindo pa foni. Tikumana Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi.

Abambo a ku Luwinga: Lamulungu ine ndili ku Ekwendeni ku chinkhoswe.

Mtsikana wa ku Zolozolo: Pepani makolo, ine ndine watsopano muno. Mayi anga metformin inawathera sabata yatha, kuchipatala anati palibe, akagule. Usiku akumadzuka kasanu kukataya madzi, ndipo akuti maso akuchita chifunga. Ndidikire Loweruka limenelo?

Amayi Anesi (opuma): Ayi mwanangu, usadikire. Mawa m'mamawa upite nawo kuchipatala ndi kabuku kawo, unene zonse wanenazi. Lero azimwa madzi ambiri, asamwe zotsekemera. Akayamba kusanza kapena kuwodzera kwambiri, usadikirenso mawa. Ndiimbire kumbali, ndikuperekezani.