Ndodo zotsamiritsa mfuti: za miyendo iwiri, itatu kapena inayi?

Wa308:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mfuti ya .308 Winchester. Ndikaisanjika pa matumba a mchenga patebulo, zipolopolo zitatu zimagwera pamodzi pa mamita 100, moti mabowo ake amachita kukhudzana. Koma kutchire kulibe tebulo. Ndinamangirira bipod (timiyendo tiwiri totsamiritsira mfuti) yaifupi kunsi kwa mfuti, ija imathera pa masentimita 23 ukaitambasula yonse, pomwe kumene ndimasaka udzu umalekeza m'chiuno. Ndikagona chafufumimba, mu scope (galasi loonera chandamale) mumangodzaza udzu. Ndikaimirira opanda chotsamira, kamtanda ka mu scope kamachoka paphewa la mbawala, kukafika pamimba n'kubwereranso, ndiye ndimangoileka ipite kusiyana n'kuivulaza.

Ndikufuna ndodo zowombera choimirira. Ndaona za mwendo umodzi, iwiri, itatu, ndi zinazi za miyendo inayi. Ndimasaka ndekha, ndimayenda mtunda wautali, ndipo sindiwombera kupitirira mamita 150. Nditenge ziti? Nanga za carbon n'zosiyanadi ndi za aluminiyamu, kapena n'kukometsa malonda chabe?

Mlenje Wakale:

Mphwanga, mwachita bwino kuisiya mbawalayo. Ya mwendo umodzi iwalani, imeneyo ndi ndodo yoyendera basi. Imaletsa mfuti kugwa koma siiletsa kupita uku ndi uku.

Ine zanga ndi nsungwi zitatu zowongoka, zouma bwino, zotalika kufika pachipumi panga. Ndinazimanga pamodzi ndi mphira wa chubu chakutha, pafupifupi chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera kunsonga. Mphira womwewo ndinakulunga nsonga zonse zitatu kuti thabwa la mfuti lisakandike komanso zisamachite gogogo poyenda. Ukazitambasula, pamwamba pamapangika mphanda. Ukafuna mphanda itsike umatangadza miyendo, ukafuna ikwere umaibweza pafupi. Palibe chomanga kapena chomasula, palibe chodzaza mchenga n'kukana kutseguka.

Koma musanagule chilichonse, mvetsani poika mfuti. Pamphanda pazikhala thabwa la kunsi kwa mpope, osati mpope weniweniwo. Mfuti zambiri za masiku ano anazipanga kuti mpope usakhudze thabwa, uzinjenjemera mwaufulu chipolopolo chikamadutsa. Mukaugoneka pa ndodo mwasokoneza zimenezo, ndipo kawirikawiri chipolopolo chimakwera. N'chimodzimodzi kusanjika mfuti pamwala kapena pachitsa popanda chofewa pakati: imadumpha. Ikanipo chipewa kapena dzanja. Samalaninso kachitsulo kokolekapo lamba kaja, kakhale kutsogolo kwa mphanda ndipo patali ndi chala chanu, chifukwa mfuti ikakankha kamang'amba khungu.

Kaimidwe kake: miyendo iwiri ya ndodo ikhale mbali yanu, kumanja ndi kumanzere, wachitatu uloze kumene kuli nyama, kuti muthe kuyedzamira pang'ono osazigwetsa. Mphanda ilekeze cha pachifuwa. Ikatsika kwambiri mumawerama, msana umatopa, ndiye kunjenjemera kumayambira pomwepo. Dzanja lamanzere ligwire thabwa ndi ndodo pamodzi, n'kukokera mfuti paphewa.

Miyendo Inayi:

Madala anena zoona pa za mpope, koma pa za miyendo itatu ndisiyana nawo pang'ono, andikhululukire. Ndodo zitatu zimakoma pamene pali mnzako wozinyamula ndi kukuimikira, iwe n'kungofika n'kusanjika mfuti. Achimwenewa akuti amayenda okha.

Chachikulu n'chakuti ndodo ziwiri kapena zitatu zimagwira mfuti malo amodzi okha. Kumbuyo kwagwiridwa ndi phewa lanu, ndipo phewa lili pa munthu amene wangokwera chitunda, akupuma wefuwefu, mtima ukugunda. Tawerengani: kuchokera pamphanda kufika paphewa pali masentimita ngati 50. Phewa likasuntha milimita imodzi yokha, pa mamita 100 kamtanda kasuntha masentimita 20, pa mamita 150 kasuntha 30. Malo a mtima ndi mapapo a nyama ngati mbawala sapitirira kwenikweni masentimita 20. Mwaona pamene pagona nkhani?

Za miyendo inayi zimagwira mfuti kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Zili ngati ndodo ziwiriziwiri zolumikizana pansi, moti zimaponda nthaka malo awiri okha, koma pamwamba pali mphanda ziwiri. Kugwedera kwa kumanja ndi kumanzere kumatheratu. Kumatsala kokwera ndi kutsika, chifukwa zonsezo zimapendekera kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ena amawonjezera mwendo wachisanu pofuna kuthetsa zimenezo. Zodziwika ndi monga Viper-Flex za ku Denmark ndi 4 Stable Stick za ku France, koma anthu amapanganso okha ndi timitengo tinayi ndi mabawuti.

Sindikubisirani kuipa kwake. Nyama ikayenda chammbali, simungangotembenuza mfuti. Muyenera kunyamula mwendo umodzi n'kuzungulira pa winawo, ndipo mu udzu wowirira mwendowo umakodwa. Potsetsereka zimafunanso kuzolowera. Njiri yotuluka mwadzidzidzi pa mamita 30 siikudikirani kuti mutambasule zonsezo, koma pamenepo mumangozisiya zotseka kumbuyo n'kuzigwiritsa ntchito ngati za miyendo iwiri.

Za carbon n'zopepukadi, sizizizira m'manja m'mamawa, ndipo zikagundana sizilira ngati chitsulo. Aluminiyamu ikapindika umaiwongola, carbon ikasweka yasweka. Kuwombera kwake n'kumodzi.

Chete Kutchire:

Ine ndingowonjezera za tebulo lija. Poyesa scope, matumba a mchenga ndi abwino, lina kutsogolo lina laling'ono kumbuyo. Chimene sindikonda ndi zitsulo zija zimagwira mfuti yonse n'kuikapo zolemera kuti isakankhe. Phewa limapumadi, koma mfuti imene yaletsedwa kubwerera m'mbuyo siiponya mofanana ndi imene ili paphewa la munthu, ndipo mphamvu yonseyo imathera m'thabwa ndi mu scope. Mukamaliza patebulo, imirirani muwombere zitatu pa ndodo zimene mudzapite nazo. Pamene zagwera pamenepo ndiye penipeni.

Bipod yanuyo musaitaye, pamalo oyera palibe choiposa. Zilipo zazitali zowombera chokhala pansi, kampani ya Harris ili nayo yofika mainchesi 27, koma kulemera kwake kumakhala pamfuti tsiku lonse. Ine ndikapeza chulu kapena mwala ndimangoponyapo chikwama changa n'kusanjika mfuti.

Wa308:

Zikomo nonse. Masamu a milimita aja andilasa mtima, ndiye kuvina kwa kamtanda kuja. Funso lina: nanga zija zokhala ndi chogwirira choti ukafinya miyendo imatsika yokha, monga Primos Trigger Stick? Ndi zinanso zija zimapana mfuti osaigwira n'komwe?

Mlenje Wakale:

Zofinyazo n'zachangu, makamaka pamalo okumbikakumbika pomwe mwendo uliwonse umafuna utali wakewake, ndipo mutu wake umazungulira kutsatira nyama. Kungoti chilichonse chokhala ndi miyendo yolowetsana chimadana ndi mchenga ndi matope, muzizipukuta mukabwerako. Zopana mfutizo n'za munthu wokhala malo amodzi kudikirira nguluwe kumadzulo. Kuyenda nazo mtunda wautali mudzazitukwana.

Poti muli nokha ndipo mumafika mamita 150, mnyamata wa miyendo inayiyo wandigonjetsa, tengani zimenezo. Koma yambani mwapanga zanu za timitengo muone ngati kaimidwe kake kakukuyanjani. Chotsani zipolopolo zonse, onani kawiri kuti mfuti ilibe kanthu, ndipo muziyeserera kutambasula ndodo, kusanjika mfuti ndi kukhethemula maso ali pachandamale, osayang'ana manja. Kenako pitani koyesera ndi mfuti yaing'ono ya .22 ngati muli nayo, muike pepala lozungulira la masentimita 15. Yambirani pa mamita 50, muzibwerera m'mbuyo. Thamangani pang'ono musanawombere kuti mtima ugunde monga umachitira kutchire. Pamene mwayamba kuphonya pepalalo, bwererani pamtunda umene munalimenya zonse, ndipo nyama ya kuseri kwa pamenepo muziyamba mwaiyandikira.

Miyendo Inayi:

Ndipo poyeza utali wa ndodozo muvale nsapato ndi jekete zimene mumasakira. Mphanda yakumbuyo ikhale patsogolo pang'ono pa kachitsulo kakumbuyo ka lamba, apo ayi lamba amakodwa pamene mukufuna kunyamula mfuti msanga.