Kompyuta ya pashopu ikuchedwa kuyaka, kodi ndiifomate?

Mayi a pa Chitakale:

Ndikupempha nzeru kwa odziwa za makompyuta. Ndili ndi kashopu kotayipira makalata ndi kupanga fotokope pa Chitakale, ndipo ndimagwiritsa ntchito kompyuta ya patebulo ya Windows 10, yokhala ndi RAM (mosungira kwakanthawi zimene kompyuta ikugwira) ya 4 GB ndi hard disk (mosungira mafayilo) ya 500 GB. Kuchokera dzinja lathali, ndikaiyatsa imatha mphindi pafupifupi khumi isanandilole kutsegula Word, ndipo kanyali ka hard disk kamangoyaka osaphethira. Ofuna kutayipitsa makalata ofunsira ntchito m'maesiteti a tiyi amalawirira m'mamawa, ndiye ena akatopa ndi kudikira amangopita kwina. Mnyamata wina wandiuza kuti ndingoifomata, kutanthauza kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Kodi imeneyi ndiyo njira yake?

Wokonza makompyuta ku Luchenza:

Mayi, musathamangire kufomata, chifukwa mutha kutaya makalata a makasitomala anu vuto n'kukhalapobe. Ikangoyaka, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti mutsegule Task Manager, kenako pitani pa Startup. Pamenepo muona mapulogalamu onse amene amadziyatsa okha pamodzi ndi Windows, ndipo pambali pa iliyonse pamalembedwa ngati ikulemetsa kwambiri kapena pang'ono. Zimitsani ndi Disable zonse zomwe simukuzifuna m'mawa, monga Skype, Teams kapena mapulogalamu amene anabwera ndi mafoni; sizifufutika ayi, zimangodikira kuti muzitsegule nokha. Onaninso ngati muli ma antivirus awiri. Makompyuta ambiri amene amafika pashopu panga amakhala ndi Windows Defender, yomwe imabwera ndi Windows, komanso ina yaulere imene nthawi yake inatha kalekale, koma imayakabe m'mawa uliwonse n'kumadya RAM yochepa kale ija.

Mphunzitsi wa ku Limbuli:

Zimene anena achimwenewo n'zoona, koma ine chandikhudza ndi kanyali kosaphethirako. Mu Task Manager momwemo, pitani pa Performance muone pomwe palembedwa Disk. Ngati pakukhala pa 100% kwa mphindi zambiri pamene simunatsegule chilichonse, vuto likhoza kukhala pa hard disk yeniyeniyo, ndipo zikatero kufomata kungofanana ndi kupaka laimu khoma limene lang'aluka.

Hard disk yakale ili ndi timbale tozungulira mkati, kawirikawiri maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndi kamkono kamene kamayenda pamwamba pa timbaleto kuwerenga zolembedwa. Magetsi akazima mwadzidzidzi kompyuta ili pakati polemba, mafayilo ena amaonongeka, ndipo diskiyo ikamakalamba, malo ena pa timbaleto amasiya kuwerengeka bwino. Windows ikafika pamalo oterowo imayesa mobwerezabwereza, nchifukwa chake mumadikira. Ikani khutu pafupi ndi bokosi la kompyutayo ikamayaka: mukamva kakuti khe khe khe mobwereza, musazengereze. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imakuuzani za thanzi la diski. Ikalemba Good mumtundu wabuluu palibe chodetsa nkhawa, koma ikalemba Caution mumtundu wachikasu, koperani mafayilo anu onse pa fulashi kapena pa diski ina tsiku lomwelo musanachite china chilichonse.

Mankhwala enieni ndi SSD, diski yamakono yomwe ilibe kanthu kozungulira mkati. Ya 2.5 inchi ya mtundu wa SATA imalowa pa zingwe zomwezo zimene zili pa hard disk yanu, ndipo ya 240 GB kapena 256 GB ndi yokwanira pa ntchito ya makalata. Kompyuta ya msinkhu wa yanuyo ikaikidwa SSD nthawi zambiri imayaka isanathe mphindi imodzi. Ine ndikanayamba ndi imeneyi ndisanaganize zowonjezera RAM, ngakhale kuti 8 GB ikanakuthandizani mtsogolo.

Mayi a pa Chitakale:

Zikomo kwambiri nonse. Ndazimitsa mapulogalamu osafunika ndipo ndachotsa antivirus yachiwiri. Yapepukirako pang'ono, koma Disk ikadali pa 100%, ndipo CrystalDiskInfo yalemba Caution. Mafayilo ndawakopera kale pa fulashi. Kodi ndikagula SSD ku Limbe, Windows ndidzafunika kuigulanso?

Wokonza makompyuta ku Luchenza:

Ngati Windows yanu ndi yovomerezeka, simudzaigulanso, mayi, chifukwa laisensi ya Windows 10 imagwirizana ndi motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta) osati diski, ndipo imadzitsimikiza yokha mukangolumikiza intaneti. Pa diski yodwala chonchi ine sindilimbikitsa kukopera zonse monga zilili, ndi bwino kuika Windows mwatsopano pa SSD kenako n'kubwezeretsa mafayilo anu mutawapima ndi antivirus, poti mafulashi a makasitomala amabwera ndi zambiri. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho amene akuikireni SSD aonenso ngati kompyutayo ili ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yolola Windows 11. Ndalama ikapezeka mugulenso UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, kuti magetsi akazima mukhale ndi mpata woizimitsa bwinobwino.