Ndithandizeni maganizo: katswiri wathu amagoletsa koma akugawa timu

Wofunsa (mwini timu)

Akuluakulu, ndabwera kwa inu chifukwa pagulu lino pali makochi, osewera akale ndi anthu omwe anayendetsapo matimu. Dzina la timu sinditchula, la wosewera sinditchulanso, poti nkhani ikadali ya m'nyumba.

Ndine mwini timu yomwe osewera ake onse ali pa kontirakiti ndi pa malipiro. Tili ndi mnyamata kutsogolo yemwe ndi katswiri weniweni. Zigoli zathu zambiri chaka chino zachokera pa mwendo wake, ndipo anthu ambiri amalipira pageti pofuna kudzaona iyeyo. Koma khalidwe lake latitopetsa. Ku training amafika anzake atatuluka kale thukuta, osapepesa. Mnzake akakhala poyera pamaso pa golo, iye amamenya yekha ngakhale ali pamalo povuta. Mpira ukatilandidwa sabwerera. Masewero apitawa analanda mpira kwa amene kochi anamusankha kuti azimenya penate, ndipo kochi atamutulutsa anakana kumupatsa dzanja, n'kulunjika kuchipinda chosinthira masewero asanathe.

Kochi akufuna amukhazike pabenchi mpaka asinthe. Ejenti wake akundiimbira kuti wochoka akhale kochiyo. Kaputeni wandiuza kuti anyamata ayamba kunong'onezana, akuti malamulo a timu ino amagwira anthu ena okha. Kontirakiti yake yatsala ndi chaka ndi theka. Ndimugulitse? Ndimulange? Ndipirire mpaka ligi ithe? Mnyamatayu ndimamukonda, ndipo sindikufuna kumuononga, koma timu sindikufunanso kuitaya.

Sapota wa kalekale

Bwana, gulitsani. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Alex Ferguson, pomwe anali kochi wa Manchester United, sankanyengerera: David Beckham anapita ku Real Madrid mu 2003, Roy Keane anachoka mu Novembala 2005 atanyoza anzake pa kanema wa timu, Ruud van Nistelrooy anamutsatira mu 2006. Manchester United inafa? Inatenga ligi mu 2007, 2008 ndi 2009, kuphatikizapo Champions League ya 2008.

Wokonda mbiri ya mpira

Achimwene, Ferguson yemweyo mwangomuwerenga tsamba limodzi. Mu Januwale 1995 wosewera wake Eric Cantona anamenya theche sapota wa Crystal Palace, n'kuletsedwa kusewera mpaka kumapeto kwa Seputembala. Atafuna kusiya mpira wa ku England, Ferguson anamulondola mpaka ku Paris kukamunyengerera. Chaka chotsatira United inatenga ligi ndi FA Cup, ndipo chigoli cha mu fainolo ndi Liverpool anamwetsa ndi Cantona. Wayne Rooney atanena poyera mu 2010 kuti akufuna kuchoka, anamupatsa kontirakiti yatsopano. Jaap Stam anamugulitsa ku Lazio mu 2001, ndipo pambuyo pake Ferguson anavomera yekha kuti anafulumira.

Cantona anali wovuta, koma ku training ankatsalira anzake atapita, ndipo anyamata ang'onoang'ono ankatengera kwa iye. Ndiye bwana, wanuyo ali mbali iti pa nkhani ya ntchito?

Kochi wopuma

Bwana mwini timu, mwasakaniza milandu iwiri, ndipo mukaiweruza pamodzi mulakwitsa yonse.

Kumenya yekha mnzake ali poyera ndi matenda a omwetsa zigoli pafupifupi onse. Wosewera kutsogolo wopanda dyera pang'ono sagoletsa zigoli zambiri. Zimenezo ndi za kochi: amuonetse kanema wa masewero, amusonyeze pomwe akadapatsira, amupatse mnzake womvana naye. Ngakhale kusabwerera kumakonzeka. Matimu ambiri amamasula munthu mmodzi kuti asamathamange kwambiri chobwerera, bola anzake adziwe kuti ndi dongosolo la kochi ndipo agwirizana nalo. Inu pamenepo musalowepo n'komwe.

Kuchedwa, kulanda penate, kukana dzanja la kochi pamaso pa anthu, ndi mlandu wina. Apa akuyesa kuti aone amene akulamula timu. Ndipo chomwe chandiimitsa mutu pa zonse mwalembazi ndi foni ya ejentiyo. Munthu saimbira mwini timu kuti achotse kochi ngati sakuona kuti khomo limenelo ndi lotsegula. Wosewera akadziwa kuti kochi akamukaniza chinthu akhoza kukachipeza kwa bwana wamkulu, kochi uja watha ntchito ngakhale akadali pa malipiro. Anyamata amazindikira msanga kwambiri zimenezi.

Onani Florentino Pérez ali pulezidenti wa Real Madrid. Anasonkhanitsa Figo, Zidane, Ronaldo wa ku Brazil ndi Beckham. Mu 2003 anasiya Vicente del Bosque, kochi yemwe anali atangotenga kumene ligi, n'kugulitsa Claude Makélélé ku Chelsea atapempha kuti amukwezere malipiro. Makélélé ndi amene ankathamangira akatswiri onse aja. Zaka zitatu zotsatira Madrid sinatenge ligi kapena Champions League, makochi ankangosinthana, ndipo Pérez anatula pansi udindo mu Febuluwale 2006 akuvomereza kuti osewera anawalekerera. Ndalama zinalipo, luso linalipo, koma aliyense ankadziwa kuti kochi ndi wodutsa, katswiri ndi wokhala.

PSG, timu ya ku Paris, nayo inadutsa momwemo. Inagula Neymar pa ma euro 222 miliyoni mu 2017, ndipo mwezi wotsatira iye ndi Edinson Cavani ankalimbirana penate pamaso pa dziko lonse pa masewero ndi Lyon. Kunabwera Mbappé, kunabwera Messi, Champions League osaioneka. Anaitenga mu 2025, kuchinya Inter 5-0, atatu onsewo atachoka ndipo kochi Luis Enrique ali ndi mphamvu zonse pa timu.

Sindikunena kuti mumugulitse. Ndikunena kuti musanasankhe chilichonse, ejentiyo mumuuze kuti nkhani ya amene asewere ndi amene akhale pabenchi sifika pa tebulo lanu. Za kontirakiti abwere, mukambirane. Za mu bwalo apite kwa kochi. Ndipo kochi wanu amve kuchokera pakamwa panu kuti akamukhazika pansi mnyamatayo, ngakhale mugonje masewero awiri otsatizana, ntchito yake siigwedezeka.

Wofunsa (mwini timu)

Zikomo madala, mwalankhula zondigwira mtima. Kuyankha achimwene aja: akafika ku training amagwira ntchito, makamaka ikakhala ya kumenya pagolo. Zothamanga ndi zotchinga ndiye amachita mokakamizika. Chomwe chikundisowetsa tulo ndi ndalama. Timu yathu si yolemera. Ndikamukhazika pabenchi mtengo wake utsika, ndipo ogula adziwa kuti tikufuna kumutaya. Mnyamata ameneyu ndi chuma chachikulu chomwe timu ili nacho.

Mayi wa zamalamulo

Bambo, ndilankhulepo za mapepala, chifukwa eni matimu ambiri amaluza milandu yomwe akadapambana.

Simungangomuchotsa ntchito chifukwa wakukwiyitsani. Malamulo a FIFA amafuna chifukwa chomveka pothetsa kontirakiti nthawi yake isanakwane, apo ayi timu imalipira. Kuchedwa ku training kumafunika kulembedwa tsiku ndi tsiku, chenjezo lipite polemba, iye apatsidwe mpata woyankha. Chindapusa chikhale chomwe chili kale m'malamulo a timu omwe anasainira, osati chopeka tsiku lomwelo. Manchester City inafuna kudula Carlos Tevez malipiro a masabata anayi pa nkhani ya ku Bayern Munich mu Seputembala 2011, pomwe kochi Roberto Mancini ananena kuti wakana kudzuka pabenchi. Bungwe la osewera ku England linakana, ndipo chindapusa chinatsikira pa masabata awiri.

Musamuimitsire malipiro pofuna kumukhaulitsa. Wosewera yemwe sanalipidwe miyezi iwiri akhoza kupereka chenjezo la masiku 15, kenako n'kuthetsa kontirakiti yekha, inu osapeza kanthu. Kumupatula kuti azichita training yekha kwa nthawi yaitali n'cholinga choti atope achoke nakonso kukhoza kukutembenukirani.

Za nthawi: kuyambira pa chigamulo cha khoti la ku Ulaya pa mlandu wa wosewera Bosman mu 1995, wosewera yemwe kontirakiti yatha amachoka ulere ku Ulaya, ndipo lero malamulo a FIFA amamulola kusaina ndi timu ina ikatsala miyezi isanu ndi umodzi. Chaka ndi theka chimaoneka chachitali, koma nyengo zogulitsa zomwe mungapezepo mtengo wabwino mwatsala nazo imodzi kapena ziwiri. PSG inamusiya Mbappé pa ulendo wa ku Japan mu 2023 pofuna kumukakamiza, kenako inamubwezera m'timu, ndipo mu 2024 anapita ku Real Madrid popanda ndalama yogulira. Ngati timu ya ndalama zotero inalephera kukakamiza munthu, inu musawerengere njira imeneyo.

Wosakhutira

Nonse mukuyankhula ngati kochi ndi mngelo. Bwanji ngati kochiyo ndi amene walephera kumugwira mnyamatayu? Komanso zitsanzo zanuzi ndi za matimu omwe akataya katswiri amagula wina mawa lake. Arsenal inamuvula Aubameyang ukaputeni mu Disembala 2021, n'kumulola kupita ku Barcelona ulere mu Febuluwale 2022. Anthu amayamikira kochi Arteta pa zimenezi, koma chaka chimenecho anamaliza pa nambala 5, kuperewera mapointi awiri kuti alowe mu Champions League, zigoli zikusowa. Arsenal inakwanitsa kupirira. Timu yosauka ikasowa zigoli imatuluka mu ligi, ndipo masapota omwe akukuuzani lero kuti gulitsani ndi omwe adzakutukwaneni.

Kochi wopuma

Mfundo yanu ndi yoona, mphwanga, ndipo n'chifukwa chake sindinanene kuti agulitse mawa. Ngati kochi ndi wofooka, mwini timu amuunike kumapeto kwa ligi poona zotsatira ndi ntchito yake yonse. Koma asamuchotse sabata yomwe ejenti wa wosewera wapempha. Akatero, kochi wobwerayo adzafika akudziwa kale amene anachotsa mnzake, ndipo sadzayerekeza kumutulutsa m'bwalo mnyamatayo.

Manchester United mu 2022 inachita motsatana bwino. Cristiano Ronaldo atakana kulowa pa masewero ndi Tottenham mu Okutobala n'kuchoka masewero asanathe, kochi Erik ten Hag anamusiya pa masewero otsatira ndi Chelsea, kenako anamubwezera. Mgwirizano unatha mu Novembala pokhapo atanyoza kochi ndi timu pa kanema. Chilango choyamba chinali chaching'ono, chodziwika kutalika kwake, ndipo njira yobwerera inalipo.

Wosewera wakale

Big man, ine ndilankhule ngati munthu yemwe wakhalapo m'chipinda chosinthira ndi anthu oterewa.

Ife osewera timapirira zambiri kwa munthu yemwe akutibweretsera bonasi. Asapatsire, asabwerere, tidzamuthamangira, chifukwa tikapambana tonse timalandira. Chomwe sitipirira ndi kuona mnzathu wotseka kumbuyo akudulidwa malipiro chifukwa chochedwa pang'ono, wina akufika nthawi yomwe wafuna n'kulandiridwa ndi nthabwala. Zikafika pamenepo anyamata sakangana naye, amangosiya kumufera. Mpira womwe akadaulimbira amaufika mochedwa pang'ono, pasi yomwe ikadapita kwa iye imapita kwina. Kaputeni akafika pobwera kwa inu, dziwani kuti zayamba kale.

Ndikufunseni chinthu chimodzi: kontirakiti yake ili ndi bonasi ya chigoli chilichonse? Ngati ilipo, ndipo ya kupambana kwa timu ndi yochepa, musadabwe kuti akulanda penate. Pa iye penate ija ndi malipiro. Mukamakambirana kontirakiti yatsopano, ndalama zambiri muziike pa kupambana kwa timu, ndipo pasi yobala chigoli ilipidwe mofanana ndi chigoli.

Ndipo musamutaye msanga. Kochi Guardiola atayamba ntchito ku Barcelona mu 2008 ananena kuti Ronaldinho, Deco ndi Samuel Eto'o sali m'mapulani ake. Awiri anapita, Eto'o anatsala, anagwira ntchito, anamwetsa zigoli 30 mu ligi ndi choyamba mu fainolo ya Champions League ku Rome mu 2009. Tevez uja anapepesa, anabwerera mu Malichi 2012, ndipo City inatenga ligi miyezi iwiri pambuyo pake. Anyamata ambiri odzimva anazolowera kuuzidwa kuyambira ali ana kuti iwo ndi osiyana ndi anzawo. Ena akakumana koyamba ndi munthu wowakaniza mosawachititsa manyazi, amasintha. Ena ayi, ndipo mudziwa pasanathe mwezi.

Wofunsa (mwini timu)

Bonasi ya chigoli ilipo, ndipo ndi yokulirapo kuposa ya kupambana. Mawa ndikumana ndi kochi kaye, ndimuuze kuti asankhe yekha kutalika kwa chilango malinga ndi malamulo omwe anyamata onse anasainira, ndipo kalata ipite monga mwanenera mayi. Ejenti ndimuyankha polemba kuti za kochi sitikambirana. Kumbali ndiyamba kufufuza mwakachetechete wosewera kutsogolo wina, kuti nyengo yogulitsa ikafika ndisakhale womangika manja.

Chatsala chimodzi. Pokumana ndi mnyamatayo, ndikhalepo ine, kapena ndimusiyire kochi? Nanga kaputeni alowe nawo?

Wosewera wakale

Kaputeni asalowe. Akalowa, mnyamatayo adziwa amene anamunenera, ndipo mwayambitsa udani wina m'chipinda. Inu khalanipo, koma kochi ndiye alankhule ndi kutchula chilango. Akakutembenukirani kuti amve ngati mukugwirizana nazo, muuzeni kuti zomwe wanena kochi ndi zomwezo, kenako mumuuze kuti mukumufuna m'timu ndipo za kontirakiti yatsopano mukambirana akamaliza chilango. Muchite m'mawa anzake asanafike, ndipo atolankhani asamve kuchokera kwa inu.