Kulembetsa graduation ndi nkhani ya distinction

Wa ku Ngabu: Akuluakulu, mwana wa achemwali wamaliza chaka chachinayi ku yunivesite. Achite chiyani kuti dzina lituluke pamndandanda wa graduation? Nanga distinction amaipempha?

Wa ku Nchalo: Ayambe ndi fomu ya clearance, asainitse ku laibulale, ku ofesi ya zachuma ndi ku dipatimenti. Buku limodzi losabweza kapena ngongole ya fizi, satifiketi amaigwira. Aonenso kuti dzina lalembedwa ngati la pa MSCE, poti kukonzetsa atasindikiza kale n'chintchito.

Wa ku Bangula: Distinction sapempha ayi, achimwene. Senate, komiti yaikulu yoona za maphunziro pa yunivesite, ndiyo imavomereza potengera avereji ya magiredi, ndipo zaka zowerengera zimasiyana, choncho aone malamulo a sukulu yakeyo. Chopweteka ndi supplementary, mayeso olembanso ukalephera phunziro: kawirikawiri ngakhale ulembe bwino amangokupatsa pass, avereji n'kutsika.

Wa ku Nsanje: Zosainitsazo apitiretu mvula isanayambe. Madzi akasefukira kuno M1 imaduka.