Mpira wa PS2 ukukoka pa laputopu ya i3, ndigule RAM?

Wa magemu ku Chibavi: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. PS2 (PlayStation 2) yanga imodzi yasiya kuwerenga madisiki, ndiye m'malo moti TV izingokhala ndalumikizapo laputopu: Core i3 ya third generation, RAM 4GB, graphics ya Intel HD 4000. Ndaikamo PCSX2 1.6.0, emulator (pulogalamu yoyendetsera magemu a PS2 pa kompyuta). Posankha matimu zonse zikuyenda bwino, koma mpira ukangoyamba osewera akuthamanga ngati ali m'matope a kwathu kuno nthawi ya mvula, mawu a muulutsi nawonso akukoka. Ana akukana kulipira, akudikirana pa PS2 inayo. Wina wandiuza kuti ndiwonjezere RAM. Ndigule?

Wokonza makompyuta, Katoto: Musagule kaye amwene. Gemu ikamayenda, yang'anani pamwamba pa windo, pali manambala a EE ndi GS. Tiuzeni imene ikufika pa 100%.

Wa magemu ku Chibavi: EE ili pa 99 mpaka 100. GS ikusewera cha m'ma 60.

Wokonza makompyuta, Katoto: Ndiyetu RAM ilibe mlandu. EE ndi Emotion Engine, purosesa ya PS2. Liwiro lake silifika ndi 300MHz komwe, n'chifukwa chake anthu amadabwa kuti laputopu ya 2GHz ikulephera bwanji makina a chaka cha 2000. Koma kompyuta sidziwa chilankhulo cha PS2. Lamulo lililonse la gemuyo iyenera kuyamba yalimasulira kenako n'kulichita, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo limagwera core imodzi. Core imeneyo ikadzaza, ngakhale muike 16GB palibe chisinthe. GS, mbali yojambula zithunzi, ikanakhala ndiyo yadzaza, bwenzi tikukamba za resolution ndi graphics.

Mayi wa internet cafe, Luwinga: Pa RAM paja ndikutsutsaniko pang'ono achimwene. HD 4000 ilibe memory yakeyake, imabwereka ku RAM, ndipo timitengo tiwiri ta RAM tofanana timaiyendetsa bwino kuposa kamodzi. Koma ndikuvomera, kwa iwowa si pamene pali vuto lero. Funso langa n'lina: laputopuyo ili pa tchaja yake yeniyeni? Ndipo fani inatsukidwa liti?

Wa magemu ku Chibavi: Tchaja ndi ya universal, ndinaigula mumsika. Fani sindinaitsegulepo chigulireni.

Mayi wa internet cafe, Luwinga: Eya, yambirani pamenepo. Malaputopu ena akaona tchaja yosaidziwa kapena yochepa mphamvu amatsitsa okha liwiro la purosesa. Kutentha nakonso kumachita chimodzimodzi. Anthu amati ku Mzuzu kumazizira ndiye makina satentha, koma kuzizira kwa panja sikulowa pa fani yodzaza fumbi, makamaka m'kachipinda kodzaza ana, laputopu itakhala pansalu. Tsegulani Task Manager gemu ili mkati, muone Speed ya CPU. Mukaona yatsika n'kumakhala cha pa 0.8GHz, dziwani kuti makinawo akudzimanga okha. Power plan iikeni pa High performance, ndipo magetsi akazima musayembekezere zambiri pa batire.

Mnyamata wa mafoni, Zolozolo: Mu ma setting a PCSX2 ingokwezani EE Cycle Skip mpaka kumapeto bwana, pamwamba padzalemba kuti liwiro la gemu lili pa 100% pompo.

Wokonza makompyuta, Katoto: Padzalemba inde, koma chithunzi chizidumphadumpha, ndipo pa mpira zimenezo ana azitulukira msanga kuposa ife. Cycle Skip isapitirire 1. Yambani ndi EE Cycle Rate, muitsitse pa -1. MTVU, setting yopereka gawo la ntchito ku core ina, yesani poyatsa ndi pozimitsa. Imathandiza kwambiri pa purosesa ya ma core atatu kapena kuposa, pomwe i3 yanuyo ili ndi awiri, ndiye imatha kuthandiza kapena kuipitsa kutengera gemu. Renderer ikhale Direct3D 11 Hardware, resolution pa Native. Chinanso chimene ambiri sachiganizira: gemu ya PAL, ya ku Ulaya, imafuna mafelemu 50 pa sekondi, pomwe ya NTSC imafuna 60. Makina amene akukanika pa 52 amakoka pa NTSC koma pa PAL amakwanitsa.

Mayi wa internet cafe, Luwinga: Komanso ngati nkhani ndi mpira basi, mukuvutikiranji ndi emulator? PES 6 ndi PES 2013 zinatulukanso za PC, ndipo pa makina ngati anuwo zimayenda popanda kumasulira kulikonse. Mapadi awiri a USB, bizinesi yayambiranso. Magemu a PSP (PlayStation yam'manja) pa emulator yake ya PPSSPP nawo ndi opepuka. Koma God of War kapena Shadow of the Colossus ya PS2 pa i3 imeneyo, musawalonjeze makasitomala.

Wa magemu ku Chibavi: Ndabwerako. Speed inalidi pa 0.8GHz. Ndabwereka tchaja yeniyeni kwa mnzanga, yakwera mpaka 2.4. M'fani munatuluka fumbi lambiri, ndapakanso thermal paste yatsopano. Ndi Cycle Rate pa -1 mpira ukuyenda bwino, umangokokako pang'ono pa kona osewera akadzazana m'bokosi. Disiki yanga ndi ya NTSC, ya PAL ndifunsa kwa anzathu a ku Chiputula. Amene ali ndi tchaja ya 65W yapini yaikulu andiuze mtengo, mwini wake akuifuna mawa m'mawa.