Khwangwala wa ku Mbare ndi wa ku Domboshava: ndi mtundu umodzi?

Nabanda: Odziwa mbalame, ndithandizeni. Akhwangwala amene amadzaza ku Mbare Musika, msika waukulu wa mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndi omwewo amauluka pa miyala ya kumapiri a Domboshava, kunja kwa mzindawu? Ena akuti wakumapiriyo wangonenepa chabe. Ndingawasiyanitse bwanji?

Bambo Phiri: Ndi mitundu iwiri, mayi. Kukula kusakunamizeni: wa m'tauni amatalika masentimita 46 mpaka 52, wakumapiri 50 mpaka 54, ndiye patali simungaone kusiyana. Yang'anani pamene pali kuyera. Wa m'tauni, amene anzathu olankhula Chishona kuno amati gunguwo, chifuwa chake chonse n'choyera, ndipo kuyerako kumazungulira khosi. Wakumapiri kutsogolo n'kwakuda bii, kuyera kuli kumbuyo kwa khosi kokha, ngati chigamba. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: akakufulatirani onse awiri amaoneka oyera khosi. Dikirani atembenuke. Kenako onani mlomo. Wa wakumapiri ndi wochindikala kwambiri, wopindika pamwamba ngati nkhwangwa yaing'ono, nsonga yake yoyererako. Wa m'tauni mlomo wake ndi wakuda wonse, wocheperapo.

Che Mwale: A Phiri anena zoona, koma akakhala m'mwamba dzuwa lili kumaso, mtundu suoneka. Pamenepo onani mchira. Wakumapiri mchira ndi waufupi, mapiko otambalala, mutu waukulu, ndipo amayandama pa mphepo ya m'mbali mwa thanthwe osakupiza kawirikawiri, nthawi zambiri awiriawiri. Mawu ndiwo amadabwitsa. Mungayembekeze kuti wamkuluyo alira mobangula, koma ayi: mawu ake ndi okwera, osasa, "kroo, kroo", ngati munthu wa chimfine. Wa m'tauni ndiye wa "khwaa, khwaa" wokhadzula uja, ndipo akakhala phee pa nthambi amatulutsanso kamkonono kapansipansi akuweramitsa mutu. Mukamva kamkononoko musathamangire kuti ndi mtundu wina.

Malo amathandizanso. Chisa cha timitengo pa nsanja ya foni kapena pa mtengo wautali wa bulugama ndi cha wa m'tauni. Wakumapiri amamanga pa phompho la thanthwe, ngati ku mapiri a Ngomakurira ndi Nyanga kuno ku Zimbabwe, kapena kwathu ku Mulanje. Ndi yemweyo amanyamula kamba wamng'ono n'kumugwetsera pa mwala kuti chigoba chisweke.

Mayi Nachisale: Musaiwale wachitatu, achemwali. Alipo wakuda thupi lonse, wopanda kuyera paliponse, mlomo wowonda ndi wautali, woyenera kutokosa mphutsi m'nthaka. Amakonda madambo ndi minda yotseguka, osati misika. Kulira kwake kuli ngati madzi akutuluka m'botolo, "kwolop, kwolop", nthenga za pakhosi atazifufumitsa. Mazira ake ndi ofiirira, pamene a awiri enawo ndi obiriwira amawangamawanga.